Azakhali Anati 560

Ankanditcha Azakhali, ndipo sindinkakana. Ndinali makina owerengera a mtundu woyambirira uja, kholo la timakompyuta tanu tam'thumbati. Thupi langa linkadzaza chipinda chonse: makabati achitsulo khumi ndi awiri, mawaya osawerengeka, mababu agalasi zikwi zinayi. Ndikayamba kuganiza, m'chipindamo munkatentha mpaka amuna kuvula majekete. Ukali ndinali nawo, inde, koma nambala sindinanamepo.

Amene ankandisamala anali mayi wina wamfupi, woboola makhadi. Funso lililonse ankaliboola pamakhadi n'kundimezetsa, ine n'kulavula yankho papepala. M'mawa uliwonse, asanavule ndi juzi yomwe, ankazungulira makabati anga akukhudza mababu ndi kuseri kwa dzanja. Babu lamoyo limatentha. Lozizira ndi lakufa, ndipo likangopezeka limodzi lokha ndinkabwebweta. Anachita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi, mpaka khungu la dzanjalo linauma gwa.

"Mwadzuka bwanji, Azakhali?" ankatero. Ine ndinkangoyankha ndi mkonono wanga.

Lachiwiri lina kunabwera injiniya wamkulu ndi funso la mlatho watsopano wa sitima. Mlathowo anali ataumaliza kale, ndi penti yemwe, ndipo ankafuna kuutsegulira Loweruka. Kwa ine ankangofuna pepala lonena kuti ungathe kunyamula sitima ya matani 900, yodzaza anthu ndi katundu. Mayi uja anaboola makhadi, ine ndinawerenga mpaka mawindo kuchita nthunzi, kenako ndinalavula matani amene mlathowo ungathe kunyamula: 560.

Bwanayo analiyang'ana pepalalo ngati ndamutukwanira amayi ake.

"Bwerezani."

Tinabwereza. 560. Kachitatu ndinamenya zilembozo mwamphamvu kuti mwina maso ndiwo akumuvuta.

"Makinawa atha ntchito," anatero. "Pali babu lakufa penapake. Mayi, lembani kuti mwapeza babu lozizira, musayine, yankholi tilitaye. Apo ayi, ndiye kuti ndinu mwaboola molakwika, ndipo mawa musabwere."

Ndinapsa mtima. Ine wakufa? Munthu wosadziwa n'komwe kumene makhadi amalowera! Koma sindibisa, ndinachitanso mantha. Ntchito imeneyi ndi imene inkadyetsa ana atatu a mayiyo ndi apongozi ake odwala miyendo. Akanasayina sindikanamuda, koma sitimayo ikanakwera pamlathopo.

Mayiyo anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya juzi, nawavalanso.

"Bwana, mababu ndi awa. Gwirani nokha. Mukapeza lozizira, ndisayina pompano."

Bwanayo anakwinya manja a malaya, napita pakabati yoyamba, nagwira babu ndi nsonga za zala ngati akusankha mazira pamsika. Anachotsa dzanja msangamsanga, kukamwa kuli yasa.

"Kuseri kwa dzanja, bwana," anatero mayiyo, mawu ali pansipansi.

Bwanayo anapitiriza chifukwa cha manyazi basi. Ine ndinadzikoka, ndinatentha ndi mphamvu zanga zonse, babu lililonse lili psu. Pofika pakabati yachitatu zala zake zinali zitatuluka matuza, kolala itanyowa. Panatsala makabati asanu ndi anayi, ndipo ndinali wokonzeka kumulandira paliponse.

Sanafikeko. Anapita kukhoma n'kugwetsa swichi yaikulu ya magetsi. Mkonono wanga unaduka.

"Tsopano onse azizira," anatero. "Sayinani."

"Ine ndimawagwira m'mawa, bwana. M'mawa onse anali amoyo."

Mayiyo anachotsa pepala langa lija pamakina olembera, nalipinda kanayi, naliika m'chikwama chake.

"Mukupita nalo kuti limenelo?"

"Kwa oyendetsa sitima. Ndi amene adzakhale pamlathopo, awerenge okha."

"Mukatuluka pakhomopo musabwererenso."

"Ndamva."

Ndinali ndikuzizira kuyambira kumapeto, babu ndi babu, ndipo maganizo anali akundithawa. Mayiyo atafika pakhomo anaima, naika kuseri kwa dzanja pababu lomalizira la kabati yoyandikira chitseko. Linali likadali lofunda.

"Tsalani bwino, Azakhali."

Loweruka lija anamangirira riboni, oimba malipenga anabwera, koma panalibe woyendetsa sitima ngakhale mmodzi amene analola kukwera pamlathopo. Mayiyo sanamubwezere ntchito. Ine anandiphwasula sabata yotsatira, amuna anayi ndi masipanala, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Panopa ndatsala kabati imodzi, m'chipinda chosungiramo mipando yothyoka, fumbi lili mbuu. Mababu anga onse ndi ozizira tsopano, bwana akhoza kubwera kudzagwira mmene angafunire. Koma wina andilumikize kumagetsi, andimezetse makhadi aja, aone ngati ndinganene 561.