A Gwedeza Aima Panjira ya Kumadzi

Lachinayi masana, anzawo atapita kukadya, a Yotamu Gwedeza anatsamiritsa mutu pa desiki ya muofesi n'kulota komiti yawo ikukumana m'chipinda cha masiku onse, koma pansi ponse pali mchenga wonyowa. Palibe amene anadandaula. Wapampando, mayi Mtambalika, anangovula nsapato n'kuziika patebulo pafupi ndi kapu ya tiyi.

Komitiyi inali yokonza lamulo la zolaula za pa intaneti, ndipo a Gwedeza ndiwo anali mlembi. Kwa miyezi inayi, anthu asanu ndi anayi ophunzira bwino anakhala akukangana pa funso limodzi lokha: kodi zolaula n'chiyani? Aliyense ankati amazidziwa akaziona, ngakhale panalibe wovomera kuti anazionako. Atatopa anangowasenzetsa a Gwedeza ntchitoyo, ndipo iwo analemba ndime yachisanu ndi chiwiri m'mawa umodzi, mtima ukuwira. Inati zolaula ndi chithunzi kapena kanema wosonyeza munthu ali maliseche, ndipo wojambula, wotumiza ndi woonekamo, onse ali ndi mlandu.

Liwu lotsirizalo, woonekamo, linali ndi mwini wake. Masabata atatu m'mbuyomo, munthu wina anatukula foni pamwamba pa khoma la bafa kuhositelo ya sukulu ya unamwino n'kujambula Tamanda, mwana wawo wa zaka makumi awiri ndi zitatu, akusamba. Kanemayo anayenda foni ndi foni, nkhani n'kukhala m'kamwam'kamwa. Kutchalitchi azibambo ankawapatsa moni a Gwedeza ndi manja awiri ngati pamaliro. Tamanda anawaimbira kasanu ndi kamodzi, iwo osayankha. Ankadziwa ndithu kuti mwanayo sanalakwe, koma wojambulayo sankamudziwa, ndiye mkwiyo unangogwera amene ankamudziwa. Mawa lake, Lachisanu, ndimeyo inali yoti isainidwe.

"Tiitane mboni," anatero wapampando m'malotomo.

Yoyamba kulowa inali foni yong'aluka galasi. Inayenda yokha pamchenga, n'kukwera pampando, n'kupepesa kuti siitha kulumbira chifukwa ilibe dzanja.

"Ndinu amene munajambula?" anafunsa mayi Mtambalika.

"Ine ndinachita kutukulidwa, wapampando. Chikope ndilibe. Kumene andilozetsa, ndimaona."

A Gwedeza analemba zimenezo m'mabuku a msonkhano. Anaona kuti foniyo yayankha bwino kuposa mboni zambiri zimene anazimvapo.

Yachiwiri inali nsanja ya netiweki. Inachita kuwerama polowa pakhomo, chisa cha khwangwala chili paphewa.

"Ine ndine mtengatenga," inatero nsanjayo. "Katundu wa anthu sindimasula. Tsiku lomwelo ndinanyamulanso uthenga wa maliro a ku Mponela, zithunzi za ukwati, ndi maulaliki makumi anayi. Mukamanga ine, maulalikiwo aziyenda wapansi."

Abusa amene ankaimira mipingo m'komitimo anagwedeza mutu n'kupempha kuti mboniyo isavutitsidwe.

Kenaka loya wa komiti analowetsa makina oyeza msinkhu, amene anakhala akuwatamanda kuyambira mwezi woyamba. Ankati vuto lonse litha anthu akamapimidwa zaka asanaone kanthu. Makinawo anali ndi miyendo ya sikelo ya kuchipatala, ndipo ankayang'ana munthu m'kamwa monga achitira ogula mbuzi pamsika. Anazungulira tebulo lonse, aliyense akuyasamula mwaulemu. Atafika pa a Gwedeza anachedwapo pang'ono.

"Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu," anatero makinawo. "Mwakula. Mukhoza kuona chilichonse."

"Zatithandiza," anatero wapampando. "Lamulo silingaletse chimene mlembi wake sanachione. A mlembi, umboni wa nkhani ya kuhositelo ija uli mukabati. Kauoneni, mubwere mudzatiuze ngati ukulowa m'ndime yanu."

A Gwedeza anaimirira.

"Wapampando, ameneyo ndi mwana wanga."

"Komiti ikudziwa. Koma ndime yanu siipatula ana a alembi."

Zinali zoona, ndipo a Gwedeza anali munthu wosakangana ndi zolembedwa. Anamanga batani la jekete, n'kutsegula kabati ya mafayilo, n'kulowamo.

M'kabatimo munali njira ya kwawo ku Dedza, yotsikira kumtsinje. Dzuwa linali paliwombo. Njirayo anaidziwa ndi mapazi, ngakhale kuti panali patapita zaka zambiri asanaipondemo. Chachilendo chinali anthu. Anali pamzere wautali, kuchokera kuphiri mpaka kubango, aliyense atagwira foni patsogolo pa nkhope. Munali madalaivala a minibasi, aphunzitsi, azimayi a kumsika, anyamata a m'maofesi, ndi adikoni a kutchalitchi kwawo, a Chikhosi, atavala suti yawo ya mgonero. Ankatsika mwakachetechete. Obwerako ankakwera njira ina akupukusa mitu n'kumati dziko latha, kenaka n'kukalowanso kumapeto kwa mzere.

"Apatseni njira, ali pantchito," anatero wina.

Anthu anapatuka. A Gwedeza anadutsa pakati pawo akuthokoza kumanja ndi kumanzere, ndipo zinawawawa kuti ulemu umenewu ukuwakomerabe.

Bango lisanayambe panali mwala waukulu wochapira. Pamenepo anapeza mkazi wawo, Nankhoma, amene anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anali atamanga nsalu pachifuwa, akuchapa. Zochapazo zinali mapepala a lamulo lija. Ankawanyika m'beseni, kuwapaka sopo, n'kuwamenyetsa pamwala tsamba ndi tsamba. Inki ya ndime zina inkachoka. Ya ndime yachisanu ndi chiwiri inkakana.

"Bambo a Tamanda," anatero Nankhoma, osadzutsa mutu, "mwadutsa pamkuyu osaitana?"

A Gwedeza anaima. Kwawoko, mwamuna akamatsikira kumtsinje ankaima pamkuyu umene unali pamtunda pa bango n'kufuula kuti, "Kumadzi!" Akamva kuti, "Dutsani!" ankatsika. Akamva kuti, "Kuli anthu!" ankafulatira mtsinje n'kudikira, kaya ng'ombe zikulira ndi ludzu, kaya mvula ikubwera. Iwo anaphunzira zimenezi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndi khofi la amalume awo. Ndipo m'zaka zonsezo sanamvepo kuti mkazi waitanidwa kubwalo chifukwa chosamba. Wopita kubwalo anali amene sanaitane.

"Ndatumidwa ndi komiti, mayi a Tamanda," anatero.

"Pamadzi awa ndinasambapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi musanandikwatire. Sindinkasamba ndi diresi. Mlandu wanga unali wotani?"

"Munalibe mlandu."

"Nanga apa mwalemba chiyani? Ndachapa kuyambira m'mawa, sizikuchoka."

A Gwedeza anayamba kufotokoza monga ankafotokozera pamisonkhano. Anati zinthu zinasintha. Anati masiku ano mtsinje uli m'thumba la munthu aliyense, woyang'ana ali kutali, sadziwika dzina, ndipo boma silingathamangitse anthu zikwi zambirimbiri. Anati lamulo limayenera kugwira amene lingamupeze. Pamene ankanena mawu otsirizawa anadzimva okha.

"Mwana wanga ndiye wopezeka," anatero Nankhoma.

Anafinya pepala lija n'kuliyanika pamwala. Sanakalipe. Ngakhale ali moyo sankakalipa, n'chifukwa chake a Gwedeza ankamuopa.

"Bwererani pamkuyu. Muitane. Mukamva yankho, muchite zimene munaphunzitsidwa."

"Mkuyu sindinauone potsika."

"Anadula. Panatsala chitsa. Mukaime pomwepo."

A Gwedeza anafuna kumufunsa ngati kumene aliko kukuzizira, ngati amawakumbuka, koma Nankhoma anali atayamba kale tsamba lina. Anabwerera masitepe makumi awiri n'kupeza chitsacho pakati pa njira, pamalo pothina, minga mbali iyi ndi mbali iyo. Kumusi, kuseri kwa bango, kunkamveka munthu akudzithira madzi ndi kapu.

Munthu amene watha masabata atatu osalankhula ndi mwana wake sayamba n'kufuula. Anakhosomola, n'kumasula tayi, n'kuitana.

"Kumadzi!"

Madzi anasiya kuthirika. Mbalame za m'bango zinakhala chete. Panapita nthawi yokwanira munthu kumwa tiyi n'kutsuka kapu.

"Ndani?"

Funso limeneli pamwambo palibe. Koma liwulo linali la Tamanda, losasa ngati la munthu amene walira masiku ambiri, ndipo a Gwedeza anamva chisoni chimene sanachimvepo chimwalirireni mkazi wawo.

"Ndine, mwana wanga."

"Adadi? Nanunso mwabwera kudzaona?"

"Ayi. Ndikuitana."

Kenaka liwu lija linabwera, lotsika koma lomveka bwino.

"Kuli anthu."

A Gwedeza anatembenuka n'kufulatira mtsinje. Potero anapezeka ayang'anizana ndi mzere wonse uja, mafoni akunyezimira padzuwa mpaka kuphiri. Sanaganize nthawi yaitali. Anatambasula manja, dzanja lina kukhudza minga ya kumanja, lina ya kumanzere, ndipo njira inatsekeka.

Mzere unaima. Akumbuyo anayamba kufunsa chachitika n'chiyani, ena akumati netiweki yavuta. A Chikhosi, amene anali kutsogolo, anayandikira n'kutsitsa mawu.

"Akulu, ife sitikupita kukasangalala. Tikungofuna tione, kuti podzudzula tidzudzule chimene tikuchidziwa."

"Kuli anthu, a dikoni."

"Komatu ena aona kale. Mwinanso theka la dziko. Kutseka pano n'kutseka khola mbuzi zitatuluka."

"Inu simunadutse lero. Kuli anthu."

A Chikhosi anayang'ana foni yawo, n'kuyang'ana a Gwedeza, n'kuiika m'thumba la mkati. Sanachoke, koma sanakankhe. Mnyamata wina anayesa kudzera m'minga, n'kubwerera akuchotsa zobaya m'malaya.

Posapita nthawi anatulukira mayi Mtambalika, ali chosavala nsapato, atanyamula pepala la ndime ija ndi cholembera.

"A mlembi, komiti ikudikira. Umboni mwauona?"

"Sindinauone, wapampando, ndipo sindiuona."

"Nanga tidziwa bwanji ngati ndi zolaula?"

"Kumusiku kuli munthu akusamba. Zolaula zili kumtunda kuno. Muwerenge amene anatukula foni, amene anatumiza, ndi amene adutsa pano atamva yankho."

Wapampando anayang'ana mzerewo kwa nthawi, milomo ikuyenda ngati akuwerengadi.

"Ndi anthu ambiri, a mlembi. Lamulo lotere likhala lovuta."

"Likhale lovuta. Fufutani liwu lotsiriza."

"Zimenezo sindingathe. Wofufuta ndi amene analemba."

Anawapatsira cholembera. A Gwedeza anayang'ana dzanja lawo lamanja, n'kuyang'ana mpata umene ukanatseguka atalitsitsa. Anthu a kutsogolo nawonso anali akuyang'ana pomwepo. Ndiye anawerama n'kuluma cholemberacho ndi mano. Mayi Mtambalika anagwira pepala ndi manja awiri, iwo n'kukhwatcha mzere pa liwu lija, woonekamo. Mzerewo unakhota, inki n'kuwadetsa mlomo. Pa zaka makumi atatu za ntchito yawo sanalembepo monyansa chotero. Anakhwatchanso kachiwiri kuti pasakhale wokayika.

Wapampando anauzira pepala kuti liume, n'kubwerera njira ya kukabati. Mzere wa anthu sunachepe. Kuphiri kunkatsikabe ena, atamva kuti kumtsinje kuli zoona.

Apa ndi pamene a Gwedeza anayamba kumva kugogoda. Kunkachokera kumwamba, kuseri kwa dzuwa, ndipo anakuzindikira: chinali chitseko cha ofesi yawo. Anamva mayi wotayipa makalata akuitana kuti nthawi yakwana, anthu alowa kale m'chipinda cha msonkhano. Anamva desiki ikuwakanikiza tsaya. Anadziwa kuti akangotukula mutu, adzapezeka pampando wawo, tayi ili pakhosi, ndipo pachitsa sipadzakhala munthu.

Mapewa anali atayamba kuwawa. Minga inali itawalowa m'zikhatho. Anapendeketsa mutu pang'ono, maso ali kuphiri, n'kufunsa cha kumbuyo.

"Tamanda, watha?"

"Sindinathe, adadi. Musachoke."

Kuofesi anagogodanso, mwamphamvu. A Gwedeza anapondetsa mapazi pachitsa n'kuwongola manja.

"Samba, mwana wanga," anatero. "Usafulumire."