Mipira Yonse kwa Wadiresi Lachikasu

Pachilumba chathu cha Maio aliyense akunong'ona zoti alamu anga a Ivandro anagonja dala ku masewera a zilumba chifukwa cha mtsikana wa ku Praia. Akuti mpira uliwonse ankaumenyera kumene kunakhala mtsikanayo, wadiresi lachikasu, ngati akumutumizira maluwa. Nha Bia wogulitsa nsomba akuti anaona ndi maso ake, chonsecho mayi ameneyu sanakwerepo sitima chibadwire. Ine ndiye ndinaliko, ndinapita ndi timu ya atsikana ya mpira wamanja, ndiye ndimvereni.

Bwalo la tenesi kwathu ndi limodzi, lili pamtetete kuseri kwa minda ya mchere, ndipo mphepo yake sileka. Ukafuna kuti mpira ugwere m'bwalo umaumenyera kunyanja, mphepo n'kuubweza yokha. Tonse tinaphunzira choncho. A Ivandro ndiye katswiri, amaumenya ngati akuutaya, kenako umakhota n'kugwera pamzere penipeni. Tsiku lonyamuka, a Nhô Tói, mkulu wa zamasewera, analankhula padoko mpaka kamba wathu wa kachupa, chimanga chophika pamodzi ndi nyemba, anazizira, akuti zilumba zonse ziidziwa Maio.

Kufika ku Praia, bwalo lake lili m'kati mwa chinyumba, makoma mbali zonse, tsitsi lomwe osagwedezeka. Alamu anamenyera cha kunyanja monga mwa masiku onse, n'kuima kudikira. Mpira unangopita osabwerera, mpaka pamiyendo pa wadiresi lachikasu. Wachiwiri chimodzimodzi. Wina unamugwetsera ayisikilimu. A Nhô Tói anakapempha kuti atsegule zitseko, ati osewera akubanika, koma anawakaniza. Amene anawagonjetsa alamu ndi kamnyamata ka ku chilumba cha Fogo koyamba tenesi chaka chatha.

Vuto ndi loti achemwali anga a Dulcelina anali atavala mphete ya a Ivandro, ukwati mwezi wamawa, nsalu azakhali a ku Rotterdam anatumiza kale. Achemwaliwo ndinawauza za mphepo. Ndinapitanso kwa a Nhô Tói kuti afotokozere anthu.

"Mwana iwe, ukufuna dziko limve kuti tenesi ya ku Maio imaseweredwa ndi mphepo? Bola azinena kuti mnyamata anaona mkazi. Zimenezo zimachitika kulikonse."

Lamlungu alamu anabwera kwathu, achemwali akusinja chimanga pabwalo. Anzawo a alamuwo a mumsewu anatsamira mpanda ngati akupuma.

"Ivandro, undiyankhe kamodzi kokha," achemwali anatero. "Unkaponyera mtsikana uja, kapena sutha kusewera popanda mphepo?"

"Aa, Dulce, iwenso."

"Ukati ndi mphepo, nkhani yathera pomwepa, ukwati ulipo."

Alamu anayang'ana kumpanda, anayang'ana achemwali, n'kukanda m'mutu.

"Mkono wanga sulakwitsa," anatero. "Mpira umapita kumene ndautuma."

Kumpanda kuja anawomba m'manja. Achemwali anapukuta gaga m'manja, anavula mphete, n'kuiika m'thumba la shati la alamu. Kenako anatola musi n'kupitiriza kusinja.

Panopa a Ivandro akuyenda ngati tambala, akadali katswiri wa Maio, ndipo a Nhô Tói awasankha kale kuti adzapitenso ulendo wina. Achemwali sakudya. Amayi akundinena ine, akuti ndikanatseka pakamwa za mphepoyo funso lija silikanafunsidwa, mwana wawo akanangolira pang'ono n'kukhululuka ngati mmene achitira akazi ena onse. Ndiye mundiuze inuyo, wolakwa pamenepa ndi ine?