Moni wa a Ashong

Loweruka pa 18 Meyi 2024, nthawi ya 4:20 masana, Dedei Lamptey anatuluka mu mpikisano wa poka, juga ya makhadi, ku Accra popanda munthu woona makhadi ake.

Anali ndi zaka 41, ndipo kwa zaka 14 ntchito yake inali imeneyi. Anasiya uphunzitsi wa masamu mu 2010. Kwawo ku Osu ankati amagwira ntchito ku hotelo, ndipo silinali bodza: poka amaseweredwa m'mahotelo. Wopambana tsikulo amapatsidwa mpando pa mpikisano waukulu wa ku Las Vegas. Dedei anali atauphonya mpandowo kanayi.

Patebulo anatsala anayi. Woyamba kugonja anali a Tetteh Ashong, nkhalamba ya zaka 73 imene inamuphunzitsa masewerowa. Iwo anavala chipewa n'kuyamba kutsanzika ndi dzanja, kuyambira kumanja, mmodzimmodzi, mosafulumira. Esinam, mayi wogawa makhadi, sanadikire. Anagawa ena.

Dedei anasuzumira makhadi ake awiri n'kukankhira tindalama take tonse ta pulasitiki pakati. Kwabena Ofosu, wogulitsa matayala amene anali ndi tochuluka, anati walowa nawo, n'kuika tofanana nato. Nthawi yomweyo a Ashong anafika pa Dedei. Munthu wamkulu sapatsidwa moni ndi dzanja limodzi uli khale. Dedei anaimirira, dzanja lamanja kwa nkhalambayo, lamanzere litagwira chigongono. Makhadi anatsala okha kwa masekondi anayi. Esinam anayesa kuti atayidwa, ndipo anawakokera mu mulu wa otayidwa.

Lamulo ndi lachidule: khadi lolowa mu muluwo lafa, ndipo kuliteteza ndi udindo wa mwiniwake. Tindalama tonse ta Dedei tinali ta Ofosu tsopano. Woyang'anira mpikisano anawerenga lamulolo kawiri. Esinam anapepesa katatu.

"Achemwali, ulemu mwapambana nawo," anatero Ofosu. "Koma ndege sikwereka ndi ulemu."

A Ashong anali asanasiyebe dzanjalo. Anafunsa ngati panalibe kanthu koti n'kupsinjira makhadiwo.

Dedei anati, "Amalume, munati zopsinjira ndi za anthu amantha. Munati dzanja likwanira."

"Ndinatero," anavomera a Ashong. "Sindinanene kuti ndidzalifuna."

Woyang'anira anapempha Dedei kuti amunong'oneze makhadiwo, mwina angawapeze pamwamba pa mulu. Dedei anakana. Anati lamulo lomwe wangowerengalo silinena za kunong'ona, komanso Ofosu akawaona adziwa mmene iye amasewerera, ndipo adzakumana nayenso. Mpando unapita kwa Ofosu nthawi ya 5:05.

Lolemba Dedei analembera komiti ya mpikisano. Sanadandaule za Esinam. Anatchula ndime 31 ya malamulo a mpikisano, yoletsa wotuluka mu mpikisano kukhudza munthu amene akusewera, ndipo anapempha kuti atatu otsalawo aseweretsedwenso. A Ashong anasainira ngati mboni, podzineneza okha.

Komitiyo ili ndi anthu atatu, ndipo wapampando wake ndi a Ashong. Ndege ya Ofosu inyamuka pa 2 Julaye. Lero ndi pa 11 Juni, ndipo komiti sinakumanebe.