Magalasi a m'Chitini cha Mabisiketi

Thandizo la kafukufuku litafika kuchokera ku bungwe lina la kunja, yunivesite inapatsa Madamu ofesi yawoyawo, kachipinda komwe kale ankasungiramo mipando yothyoka. Munali tebulo, kabati yachitsulo yosatsekeka bwino, ndi zenera loyang'ana ku thanki ya madzi. Madamu anagwada pa simenti pomwepo n'kuthokoza Mulungu asanasese n'komwe. Zaka zonse zam'mbuyo ankaphunzitsa ngati waganyu, wolipidwa pa maola. Tsopano anali ndi kontirakiti. Koma kontirakitiyo inali yomangirira ku thandizolo ngati mbuzi pachikhomo. Bungwe likavomera gawo lachiwiri la kafukufuku, ntchito ipitirira. Likakana, makiyi a ofesi abwerera kwa eni ake.

Funso la kafukufukuyo silinali lovuta. Telala akakula, maso amayamba kuchita chidima, ulusi umakana kulowa m'singano. Kodi akapatsidwa magalasi owerengera, amasoka zovala zochuluka kuposa kale? Bungwe linkafuna umboni lisanagule magalasi ambiri ogawira m'madera ena. Choncho Madamu anasankha msika umodzi waukulu, kumene atelala amakhala mzere wautali pakhonde la masitolo, aliyense ndi makina ake opondaponda. Onse anayezedwa maso. Kenako Madamu anachita maere. Theka linalandira magalasi tsiku lomwelo, theka linalo linauzidwa kuti lidikire mpaka kafukufuku atatha. Pomaliza ankayenera kudzayerekeza magulu awiriwo.

Madamu anafotokoza zimenezi mobwerezabwereza, ndipo atelala onse anagwedeza mitu. Wapampando wawo, mayi wamkulu thupi amene aliyense ankamutcha Mayi a Mapasa, anayankha m'malo mwa onse.

“Tamva, mwanathu. Inu gwirani ntchito yanu, ife sitikuchititsani manyazi.”

Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse Madamu ankapita kumsika kukalemba zimene aliyense wasoka sabata imeneyo. Ankapeza zonse zili m'malo mwake. Olandira anali ndi magalasi pamphuno, odikira akutsinzinira maso pa singano. Atelala anawapatsa dzina loti Mayi Magalasi, ndipo akangotulukira pakona, wina ankasuntha mulu wa nsalu pa benchi kuti akhale.

Miyezi itapita, Madamu anayamba kuphatikiza zotsatira pa kompyuta. Olandira magalasi ankasokadi zambiri kuposa kale. Koma odikira nawonso ankasoka zambiri, mofanana ndendende. Anabwereza masamu, anakonzanso matebulo, yankho silinasinthe. Pa pepala zinkaoneka ngati magalasi alibe ntchito.

Tsiku lina Lachiwiri, amuna awo, omwe anali makaniki komanso oyimbitsa kwaya kutchalitchi, anawapempha kuti apititse jekete la kwaya kwa telala chifukwa linasosoka kukhwapa. Madamu anadzera kumsika popita kuntchito. Sanauze munthu.

Woyamba amene Madamu anamuona pakhonde anali mdala wina wodziwika ndi makolala a malaya, amene anzake ankangomuitana kuti a Kolala. Mdalayu anali m'gulu la odikira. Koma apa anali atavala magalasi, akupondaponda makina uku akung'ung'udza nyimbo yakutchalitchi. Pambali pake mayi wina wa gulu lomwelo ankalowetsa ulusi m'singano, nayenso magalasi ali pamphuno. Pakati pa khonde, pa mpando wopanda chotsamira, panali chitini cha mabisiketi chotsegula. M'kati munali magalasi angapo, alionse atamangidwa kaulusi kamtundu wake pa mwendo.

A Kolala atakweza mutu, anavula magalasi msangamsanga n'kuwabisa pansi pa nsalu, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

“Aa, Mayi Magalasi! Kodi lero ndi Lachinayi?”

“Lero ndi Lachiwiri, bambo.”

“Ndiye mwalakwitsa ndinu,” anatero a Kolala, ndipo khonde lonse linaseka, ena mwamanyazi.

Mayi a Mapasa anadzuka pa makina awo, napukuta manja pa epuloni.

“Khalani pansi, mwanathu, musaime ngati mwabwera kudzatolera msonkho.”

Madamu anakhala, jekete lili pamiyendo. “Amayi, chitinichi chinayamba liti?”

“Sabata yoyamba yomweyo. Inu mukuganiza kuti ine ndingamaone bwino, a Kolala apa akusoka kolala mozondotsa? Pakhonde pano sizasi timabwerekana, bobini timabwerekana, mafuta a makina timagawana. Ndiye maso okha ndiwo tikanizane? Wofuna kulowetsa ulusi kapena kusoka nsalu yakuda amatenga m'chitini, akamaliza amabweza. Ofiira ndi amphamvu, obiriwira ndi apakatikati.”

“Koma ndinafotokoza kuti enawo adikire.”

“Eya, ndipo tinamva. N'chifukwa chake Lachinayi chitini chimalowa m'sitolo ya mwenye wa mabataniyo, kuti inu musakhumudwe. Tinakulonjezani kuti sitikuchititsani manyazi.”

Madamu anafuna kukwiya, koma mkwiyo unasowa pogwira. Anayang'ana nkhope za anthuwo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziona kuti waba kapena wanama. Anasiya jekete kwa a Kolala, amene anafunsa mwaulemu ngati angavale magalasi polisoka.

“Valani, bambo,” anatero Madamu. “Madzi atayika kale.”

Atafika ku yunivesite analunjika ku ofesi ya a Pulofesa, mkulu wa dipatimenti. Anali munthu wa imvi, wosakonda kukalipa, amene anawathandiza kulemba pempho la thandizolo mpaka kulikonza kambirimbiri. Anamvetsera nkhani yonse akusisita chipumi.

“Ndani winanso akudziwa?”

“Atelala okha, bwana.”

“Atelala salemba malipoti.” A Pulofesa anaima n'kutseka chitseko. “Tamverani, Madamu. Sindikunena kuti mupeke manambala, Mulungu andikhululukire. Koma muli ndi zimene aliyense ankasoka asanalandire magalasi, ndi zimene akusoka tsopano. Onetsani gulu lolandira lokha, kale ndi lero. Za gulu linalo nenani mwachidule kuti panali zovuta zina. Mawu akuti zovuta zina apulumutsa anthu ambiri m'nyumba muno.”

“Akandifunsa kuti zovuta zanji?”

“Safunsa kawirikawiri. Ndipo inu mukudziwa, ine ndikudziwa, kuti magalasiwo akuthandizadi. Simukunamiza munthu pa zimenezo.” Anakhalanso pansi. “Gawo limene yunivesite imadula pa thandizo lanu ndi limene lagula pulinta ija, ndi limene likulipira intaneti ya dipatimenti yonse. Ine ndatsala pang'ono kupuma. Ndikuganizira inu. Mukufuna kubwerera ku maganyu?”

Madamu anapukusa mutu. Sankafuna.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, anapeza amuna awo pabwalo akutsuka manja ndi sopo wa ufa m'beseni, girizi ikukanirira m'zikhadabo. Anawafotokozera zonse, kuyambira chitini mpaka mawu a Pulofesa.

Bambowo anaseka mpaka kutsokomola. “Ndiye kuti atelala anuwo achita ngati mpingo woyamba uja, zonse pamodzi, wosowa palibe. Inu ndi bungwe lanu ndi amene munabwera ndi chiphunzitso chachilendo.”

“Abambo, musaseke. Ntchito ikutha iyi.”

“Pepani, amayi.” Anapukuta manja n'kukhala pa sitepe pafupi nawo. “Nanga mtima wanu ukuti chiyani?”

“Mtima ukuti lendi. Ukuti fizi ya mwana.”

“Umenewo ndi mutu. Ndafunsa mtima.”

Madamu anati, “Ndikukumbukira banja lija la m'Malemba, linagulitsa munda n'kubweretsa gawo lokha, n'kunena kuti ndi zonse. Zimene anabweretsazo zinali zenizeni. Bodza linali pa zimene anasiya kunyumba.”

“Ndiye mwadziyankha nokha. Ine ndikanakuuzani zomwezo mukanati makaniki akudziwa chiyani za kafukufuku.” Anawagwira phewa. “Galaja ilipo. Sitinagonepo ndi njala, ngakhale nthawi ya maganyu ija. Tiyeni tipemphere, kenako mundiuze kuti jekete langa ndilitenga liti, chifukwa Lamulungu sindingayimbitse kwaya khwapa lili pamtunda.”

Msonkhano ndi bungwe unachitika pa kompyuta, mu ofesi ya a Pulofesa chifukwa ndimo intaneti inkagwira bwino. Pa sikirini panaoneka mayi woyang'anira thandizolo, wa tsitsi lalifupi, kumbuyo kwake kuli shelefu ya mabuku. Madamu anaonetsa magulu onse awiri, mizere iwiri yokwera limodzi ngati njanji. Kenako anafotokoza za chitini, za timaulusi tofiira ndi tobiriwira, ndi za Lachinayi. Ananenanso kuti kulakwa kunali kwawo, chifukwa anagawa anthu okhala benchi imodzi, odyera limodzi, ngati kuti ndi alendo osadziwana. A Pulofesa anakhala pambali manja ali pachibwano, akuyang'ana pansi.

Mayi wa ku bungwe anamwetulira pa nkhani ya chitini, koma kumwetulirako sikunakhalitse. Anafunsa ngati panali njira yodziwira amene anavala magalasi nthawi yaitali ndi amene anavala pang'ono. Madamu anati panalibe. Anafunsa ngati panali telala ngakhale mmodzi wa gulu lodikira amene sanagwireko chitinicho. Madamu anati anafunsa, ndipo sanapezeke.

“Ndikuthokoza kuti mwanena,” anatero mayiyo. “Ena sanena, timadzazindikira tokha mochedwa. Koma ndisakunamizeni, komiti yathu imafuna umboni, ndipo apa umboni palibe. Ndikakulankhulirani, koma sindilonjeza kanthu.”

Sikirini itazima, a Pulofesa anapuma mozama. “Mwalankhula bwino,” anatero.

Yankho linabwera teremu isanathe. Gawo lachiwiri silinavomerezedwe. Bungwe linalola kuti atelala odikira alandire magalasi awo monga analonjezedwera, ndipo linati Madamu ali ndi ufulu wopemphanso chaka chamawa, pamodzi ndi ena onse opempha. Kontirakiti inatha pakutha pa mwezi.

Madamu analira pang'ono ali okha mu ofesi, kenako anayamba kulongedza. Mabuku analowa m'katoni ya sopo. Mapepala a kafukufuku anawamanga ndi chingwe kuti akasungidwe ku dipatimenti. Ali mkati mochotsa kalendala pakhoma, a Pulofesa anagogoda pa chitseko chotsegula kale.

“Ndalankhula ndi a Dini, bwana wathu wamkulu,” anatero. “Kalasi ya masamu a kafukufuku ya chaka choyamba ilibe mphunzitsi teremu ikubwerayi. Ndi ya maola, monga kale. Ana ndi ambiri, ena amakhala pa mawindo, ndipo maikolofoni inafa. Ndawauza kuti muitenga. Ngati ndanama, mukanditsutse nokha.”

“Ndiitenga, bwana. Zikomo.”

“Musathokoze, mudzanditukwana nthawi yochonga mayeso.” Anayang'ana katoni, kenako anayang'ana Madamu. “Tsiku lija ndinakupatsani malangizo a munthu wotopa. Musawasunge.”

“Munkandifunira zabwino.”

“Zabwino zake zinali zopindika.” Anatulutsa cholembera m'thumba la malaya n'kukoka mpando umodzi wotsala. “Pempho la chaka chamawa tiliyambe lero, mutu ukadali wotentha. Ulendo uno maere tichite pa misika, osati pa anthu. Msika wonse ulandire, msika wina wakutali udikire.”

“Ukhale wakutalidi,” anatero Madamu akupukuta m'maso. “Mayi a Mapasa ali ndi mchemwali wawo amene amasoka ku msika wa kutsidya kwa njanji. Chitini chikhoza kukwera minibasi.”

A Pulofesa anaseka, nalemba pamwamba pa pepala kuti misika italikirane. Kunja kunamveka hutala. Amuna a Madamu anali atafika ndi galimoto ya kasitomala imene ankati akuiyesa mabuleki.

“Auzeni adikire pang'ono,” anatero a Pulofesa osakweza mutu. “Tsopano, misika ingati imene mungaikwanitse uku mukuphunzitsa?”

Madamu anatulutsa mutu pa zenera n'kukweza dzanja kuti abambo azimitse injini. Kenako anakankhira katoni pambali ndi phazi, anakhala pamphepete pa tebulo, n'kuyamba kutchula misika imene ankaidziwa.