Njinga Ziwiri pa Msewu wa ku Mfuwe

Dailes anali atasowa mtendere. Ankagwira ntchito m'kanyumba kotumizira ndalama pafoni m'mbali mwa msewu waukulu mu Chipata, koma mtima wake sunali m'menemo. Nthawi ndi nthawi pankadutsa alendo apanjinga, zikwama zitalendewera uku ndi uku, ena ochokera ku Lusaka, ena olowera kumalire a ku Mwami. Akaima kufunsa njira, iye ankawapanikiza ndi mafunso. Mayi wina anamuuza kuti wadutsa mayiko ambirimbiri pa njinga imodzi yomweyo. Kuyambira tsiku limenelo kanyumba kaja kanayamba kumuthina ngati khola la nkhuku.

"Kubadwira ku Kapata, kukulira ku Kapata, njovu kumangoionera pafoni," anadandaula kwa msuweni wake Sipho, yemwe ankadyetsa ana ake ponyamula anthu ndi katundu pa njinga m'tauni. "Anthu akuchokera kutsidya kwa nyanja kudzaona nyama ku Luangwa, ife tili pafupi pompano."

"Nanga chikutiletsa n'chiyani? Loweruka lomweli tipalase mpaka ku Mfuwe, kumene kuli njovuzo," anatero Sipho. "Ine tsiku lililonse ndimakwera zitunda ndi matumba a makala. Msewu umenewo ndi wotsetsereka basi."

Unali mwezi wa Okutobala. Dailes sanathe kusunga nkhaniyo m'mimba, anakaiulula kwa Mayi Irene, namwino woyandikana nawo nyumba, amene anawapeza akuyanika yunifolomu yawo.

"Ulendowo ndi wabwino, mwanawe, ndipo sindikuletsa," anatero Mayi Irene. "Koma wasankha mwezi woipa. Kutentha kwa kuchigwa kuja sikuli ngati kwa kuno kumapiri. Dikira nyengo yozizira, uyambe wazolowetsa thupi ndi maulendo aafupi. Ukadzapita, udzanyamuke mbandakucha, masana udzapume pamthunzi. Madzi ambiri, mapaketi a mchere ndi shuga aja timapereka kuchipatala, ndiponso amayi ako adziwe kumene uli."

"Anti, mpaka Juni? Ndikhala nditapenga," anatero Dailes, akupondaponda pansi.

Sipho atamva malangizowo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Anamwino amaona matenda ngakhale pamene palibe. Madzi amangolemetsa njinga, iwe. Tigula zakumwa zopatsa mphamvu zija, botolo limodzi aliyense. Ndipo usawauze azakhali, amayi akowo, angatitsekereze."

Dailes anadziwa kuti mawu a Mayi Irene ndi amene anali olemera, koma a Sipho ndi amene ankafuna kumva. Loweruka anauza amayi ake kuti akupita kukaona mnzake ku Nabvutika, m'tauni momwemo. Njinga imene Dailes anabwereka inachedwa kwa okonza, moti ananyamuka dzuwa litakwera kale.

Poyamba zinali zokoma. Mphepo inkamuwomba kumaso, mapiri a Chipata akutsalira m'mbuyo, ndipo Dailes ankakuwa ngati mwana. Koma atatsikira kunsi, mphepo ija inasanduka mpweya wa m'ng'anjo. Phula linkanyezimira ngati lanyowa. Chakumwa cha m'kabotolo kake chinatha, midzi inayamba kutalikirana, ndipo mjigo woyamba umene anaupeza unali wothyoka.

"Sipho, tiyeni tipume pansi pa mtengo uwo."

"Tikapuma miyendo iuma. Palasa!" Sipho anali patsogolo, akuthamanga kuti asaoneke wofooka pamaso pa mtsikana.

Patapita kanthawi Dailes anaona njinga ya msuweni wake ikuyenda mokhotakhota. Atamupeza, Sipho ankalankhula zosamveka, akuitana anthu oti akwere njinga ngati ali pamsika wa Kapata. Kenako anagwera m'mbali mwa msewu. Thupi lake linali lotentha ngati mbaula, maso atatembenuka.

Dailes anaimbira foni Mayi Irene. Anachita kukwera pachulu kuti mawu amveke.

"Anti, Sipho wagwa! Sakundizindikira!"

Mayi Irene sanataye nthawi ndi kukalipa. "Mukokere pamthunzi. Muvule malaya, umugoneke chammbali. Pezani madzi mumuthire thupi lonse, uzimukupiza osaleka. Usamumwetse kanthu ngati sakuyankha, angatsamwe. Imitsa galimoto iliyonse, apite kuchipatala chapafupi msangamsanga."

Madzi analibe ngakhale dontho. Dailes anathamangira kumene kunkaoneka denga la udzu, akufuula. Kunatuluka mayi wina wachikulire, Yosefina, yemwe anali atangotula ndowa kuchokera kuchitsime chakutali. Atamva, anasenzanso ndowayo osafunsa zambiri. Madzi amene akanaphikira banja lake tsiku limenelo anathera pathupi la mlendo. Awiriwo anamukupiza ndi chitenje mpaka lole yonyamula njerwa itaima.

Kuchipatala chaching'ono cha m'deralo anamuika madzi a m'mitsempha, kenako ambulansi inamutengera ku Chipata. Dailes anakhala pabenchi la panja pa chipatala chachikulu. Amayi a Sipho anafika ndi mpango umodzi kumutu, opanda nsapato. Amayi ake a Dailes anabwera pambuyo pawo.

"Nabvutika wake ndi ameneyu?" anafunsa motsitsa mawu. "Ukanagwa iweyo, tikanakakufuna kuti?"

Dailes anaweramitsa mutu. Misozi inangotsika.

Madzulo Mayi Irene anatuluka m'wodi n'kukhala pakati pawo. "Apulumuka. Koma impso zake zavutika, ndipo papita nthawi asanakwerenso njinga. Thupi likatentha mopitirira, ubongo ndi impso zimayamba kupsa m'kati. Matendawa sasankha kuti uyu ndi wamphamvu. Kawirikawiri amagwetsa amphamvu omwewo, chifukwa ndi amene amakana kupuma. Madzi a mayi aja ndi amene amugulira nthawi."

"Ndiye kuti za maulendozi ndisiye, Anti?" anafunsa Dailes.

"Ayi. Anthu amene umawasirira aja amafika kutali chifukwa amakonzekera, amafunsa eni dera, ndipo amadziwa nthawi yoima. Zimenezo sizioneka pazithunzi."

M'mawa mwake anamulola Dailes kulowa m'wodi. Sipho anali atatsegula maso, milomo itang'ambikang'ambika. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako ananong'ona.

"Njovu zija tinaziona?"

"Sitinafike ngakhale pakati pa njira, Sipho."

Mnyamatayo anatembenuzira nkhope kukhoma. "Nanga ana anga adya chiyani mwezi uno?"

Dailes anamugwira dzanja.

Phunziro: Kuona malo atsopano n'kwabwino, koma ulendo wa panjinga, wapansi kapena wokwera phiri umafuna kukonzekera. Sankhani nyengo yoyenera, nyamulani madzi okwanira, pumani dzuwa likakula, ndipo uzani achibale kumene mukupita. Munthu akayamba kusokonezeka mutu chifukwa cha kutentha, muziziritseni ndi madzi nthawi yomweyo n'kuthamangira naye kuchipatala.