Chitsulo Chamakona Atatu cha Amalume Shigeru

Amalume anga a Shigeru atapuma pa ntchito ku fakitale ya magalimoto kuno ku Hiroshima, anagula kagalimoto kofiira kakalekale, kaja ka injini yopanda mapisitoni. Mkati mwake mumazungulira zitsulo ziwiri zamakona atatu, chilichonse m'chipinda chake chooneka ngati khoko la mtedza. Pa unyamata wawo ankamanga injini zomwezi, ndipo ukangowaputa ankafotokoza mpaka tiyi kuzizira: mmene poyamba nsonga za chitsulocho zinkakandira chipinda, akatswiri mpaka kutcha mizereyo zikhadabo za chiwanda, ndi mmene anavutikira asanapeze mankhwala ake.

Anaphwasula injini yonse n'kuyala zitsulo pa nsanza m'garaja. Tsiku loti ayambe kumanganso, chitsulo chimodzi chamakona atatu sichinaoneke.

Anathamangira kwa a Okabayashi, mnzawo wa nyumba yoyandikana, amene amati injini yeniyeni ndi ya mapisitoni asanu ndi imodzi ondondozana basi.

"Aise, bweza chitsulo changa!"

"Ine nditenge chimenecho chantchito yanji?" anatero a Okabayashi. "Injini yakoyo imamwa oyilo ngati madzi, kulira kwake ngati udzudzu."

"Udzudzu womwewo unkakusiya pa chitunda uli kukamwa yasa."

Ananyozana mokwanira, kenako anasakira limodzi garaja yonse. Sanachipeze.

Masana azakhali a Tomiko, akazi awo a amalume, anatiitana tonse kudzadya. Anatipakulira mpunga, nsomba yowotcha ndi mpiru woviika mumchere.

"Alamu, mpiru wa chaka chino wakoma bwanji!" anatero a Okabayashi.

"Ndi chotsinderera chatsopano," anayankha azakhali. "Mwala wakale uja unkanditerereka m'manja. Ichi ndinachitola m'garaja, chili ndi bowo pakati, pogwirira pabwino zedi."

Timitengo todyera tinawagwa amalume m'manja. Anadzuka, ife pambuyo, mpaka kuseri kwa khitchini. Pamwamba pa mbiya ya mpiru panali chitsulo chija, chitakhazikika ngati mwini nyumba.

"Mayi inu, mchere! Dzimbiri!"

"Simukuona kuti ndachikulunga m'mapulasitiki? Mukundiyesa mwana?" Azakhali anaima pakati pa amalume ndi mbiya. "Ndipo musachikhudze. Mpiru wapansi sunalowerere."

A Okabayashi anaseka mpaka kukhala pansi. "Tsopano chapeza ntchito yochiyenera!"

Amalume anachonderera, azakhali anakana. Anadikira mpaka mpiru unalowerera, ndipo atachimasula anapeza chili bwinobwino, chopanda ndi kadontho komwe. A Okabayashi anawathandiza kumanga, akudandaula pa bawuti iliyonse.

Injini inalira Lamlungu m'mawa, poyamba motsokomola, kenako mosalala. Azakhali anatuluka atavala magolovesi oyera a pagalimoto, n'kutambasula dzanja.

"Makiyi, bambo."

"Mayi, imeneyi si ya kumsika. Imafuna kuiponda kwambiri isanakoke."

"Ndakhala ndikumva zimenezo chikwatiwire. Khalani uko."

Ine ndinadzipanikiza kumbuyo. Tinatsata msewu wopita ku tauni ya Kure, ndipo pamtunda woyamba azakhali anasiya injini ikwere mawu mpaka kabelu kochenjeza kuti injini yathamanga kwambiri kanalira, kenako anasintha giya mosaphonya. Amalume anagwira lamba ndi manja onse awiri, koma nkhope ikuwala.

"Mwamva, Fumie?" anandikuwira. "Mwamva mmene ikuyimbira?"

"Khalani chete, bambo," anatero azakhali. "Kukubwera kona."