Kadontho m'Munda mwa Tisauke

Loweruka lija Tisauke anali kupalira chakumunsi kwa munda pamene anamva galimoto ikuima pamsewu wochokera ku Palabana. Sanaweramuke msanga. Anamaliza kaye mzere umene anali nawo, kenako anawongola msana n'kuyang'ana. Inali galimoto yoyera, matope mpaka m'zitseko. Munatuluka anthu atatu, amuna awiri ndi mkazi mmodzi, onse ovala zipewa ndi nsapato zolimba. Sanayang'ane nyumba, sanafunefune munthu woti amupatse moni. Aliyense anatulutsa foni, kuigwira patsogolo ngati mbale ya zopereka, n'kulowa m'chimanga maso ali pafonipo.

Aka kanali kachitatu. Masabata awiri apitawo kunabwera ena iye ali kumaliro ku Kasisi, ndipo anangopeza mapazi ndi chimanga chothyoka. Sabata yatha anawaonera patali ali kumjigo, pofika anali atapita. Koma mudzi wonse unawaona. Ndipo kuno munthu wa m'tauni akamayenda m'munda foni ili m'manja, aliyense amadziwa chotsatira chake: timiyala ta simenti m'makona, waya, kenako chikwangwani cha mapuloti.

Mundawu sunali wa makolo ake a Tisauke. Iye kwawo ndi ku Katete. Anakwatiwa kuno ndi Gershom, mwana wa eni nthaka, ndipo Gershom atamwalira zaka zinayi zapitazo abale ake anamuuza mawu ochepa: limani, idyani, lerani ana, koma tsiku limene mudzagulitse ngakhale phazi limodzi mudzamange katundu. Amene anasunga mawuwo kuposa onse anali Teddy, mng'ono wake wa malemuyo, yemwe munda wake unali kuseri kwa mzere wa khonje. Teddy anali ataitanitsa kale msonkhano wa banja, mawa lake Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi.

Tisauke anakoleka khasu paphewa n'kuwalunjika.

"Imwe! Imani pamenepo!"

Onse atatu anaima. Mkazi uja anamwetulira. "Mwauka bwanji, amai?"

"Ninauka kale, pamodzi na nkhuku. Ico mwapondapo ni chani?"

Mkaziyo anayang'ana pansi, n'kuchotsa phazi pang'onopang'ono.

"Nafunsa. Ni chani?"

"Ni chimanga, amai."

"Oo, kansi muchidziwa? Ine nimaona monga ku Lusaka chimamera mu saka."

Wamtali mwa amunawo anavula chipewa. Anati dzina lake ndi Terrence, mkaziyo ndi Eva, winayo ndi Mwila. Anati asakwiye amai, ndi masewera chabe. Iwo anadziwana pa intaneti, m'gulu la anthu okonda kusaka tizitini tobisika, ndipo lero anapangana kukumana kuti ayese masewera amene iye mwini anakonza, omwe ena a m'gululo anayamba kale kusewera. Foni imakuonetsa kadontho pamapu. Ukayenda n'kufika pakadonthopo, foni imalira, imakuuza chigawo cha nkhani ndi funso loti uyankhe, kenako imakuonetsa kadontho kena. Madontho ndi asanu. Kumapeto kuli kachitini, ndipo wokapeza amalemba dzina lake.

"Ndiye kadontho kanu kali m'munda mwanga."

"Kachinayi, amai. Ninasankha pa kompyuta, pa chithunzi cojambula kumwamba. Panaoneka monga ni thengo chabe."

"Thengo!"

Liwu la Tisauke linamveka mpaka kunyumba za kutsidya kwa msewu. Anatsitsa khasu, n'kuliponya pansi mwamphamvu mwakuti linaima lokha.

"Chithunzi canu ico anajambula liti? Mu Okutobala, titakolola kale, ng'ombe zitadya mapesi? Mwezi uno ni Januwale! Ine ninagwada pano na ana kubzala, ninathira fetereza phando lililonse na dzanja ili, imwe muli pa mpando mukuti thengo. Simunaone nyumba? Simunaone nkhokwe? Pakamwa mulibe pofunsira?"

"Pepani, amai. Cimanga tingalipire."

"Sungani. Sinikamba za mapesi khumi. Mudziwa cimene mwanichitira? Mudzi wonse ukamba kuti Tisauke ayamba kuitana ogula malo. Mawa kuli msonkhano. Mawa anganithamangitse pano, ine na ana anayi, cifukwa ca kadontho."

Foni ya Eva inalira kanyimbo kachisangalalo, ndipo iye anaiphimba msanga ndi dzanja.

Nthawi yomweyo Teddy anatulukira pamsewu, akuchokera kokasiya mkaka, zigubu ziwiri zopanda kanthu zikugogoda kumbuyo kwa njinga. Ataona galimoto anatsika njinga isanaime bwino. Anajambula nambala ya galimotoyo ndi foni yake, anajambula alendowo, anajambulanso Tisauke.

"Mlamu," anatero, akumwetulira ndi mano okha, "lero nawagwira na maso anga."

"Mwagwira chani, alamu?"

"Mukananiuza chabe. Nikanakuthandizani kupima."

Mwila anaganiza zopepukitsa zinthu. "Ah, ba bosi, kansi kuno mugulitsa? Puloti imodzi ni zingati?"

Eva anamutsina pamkono mpaka analumpha. Koma mawu anali atatuluka kale.

"Mwamva?" anafuula Teddy, akuyang'ana kumsewu kumene anthu anayamba kuima. "Ba sisi Mainess, bwerani mumve mweka!"

Mainess anali mlongo wawo wamkulu wa Gershom ndi Teddy, mayi wonenepa wovutika mawondo, ndipo ndiye amene amakhala ndi mawu omaliza pamisonkhano ya banjalo. Anawoloka ngalande mosamala, n'kudzaima pamalire a munda akupuma mwamphamvu. Terrence anafotokozanso zonse kuyambira pachiyambi: intaneti, madontho, nkhani, kachitini.

Teddy anaseka. "Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, kuwotcha mafuta kucoka ku Lusaka kudzasewera cibisalirano m'cimanga? Mlamu, bodza ili mwaliphula lisanapse."

Mainess sanaseke, koma anamuyang'ana Tisauke nthawi yayitali, ndipo Tisauke anaona kuti mlamu wake wamkuluyo sanakhulupirire. Akanakhala iye, sakanakhulupiriranso. Mkwiyo unamukwera. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anatunga madzi pamaliro a banjali, anaphika paukwati uliwonse, anasamalira mayi awo mpaka tsiku lomaliza, ndipo lero akuimirira m'munda mwake ngati wakuba wogwidwa ndi nkhuku m'thumba.

Anatembenukira kwa Eva kuti amukalipirenso, maso ake n'kugwera pafoni. Panali kamuvi, ndi nambala pansi pake.

"Kamuvi aka kaloza kuti?"

"Ku kadontho kotsiriza, amai. Kwatsala mamita handiredi na eyite."

Tisauke anatsatira kamuviko ndi maso. Kanaloza kumzere wa khonje.

"Nipase."

Eva anapereka. Tisauke anaitenga n'kuiika m'dzanja la Teddy.

"Gwirani, alamu. Imwe mudziwa kupima. Yendani nayo, ife tikhale pambuyo panu."

"Sinisewera na ana ine."

"Yenda, Teddy," anatero Mainess. "Nadzuka kale pa mpando, sinifuna kudzukira pachabe."

Anayenda mondondozana, Teddy patsogolo. Tisauke anali pambuyo pa alendo aja, akuwalondera mapazi. "Mu mzere! Pondani mu mzere! Iwe wa mapuloti, uona kumene uyenda?" Nambala inali kutsika. Teddy ankaiwerenga mokweza poyamba, monyoza: handiredi na fote, handiredi na teni. Atafika pakhonje analeka kuwerenga. Anaima, anatembenuza foni, anaigwedeza. Kamuvi sikanasinthe.

"Yaonongeka iyi."

"Ili bwino, ba bosi," anatero Terrence motsitsa mawu. "Ni kutsogolo."

Anadutsa pampata wa khonje, nalowa mu nsenjere imene Teddy anabzala yodyetsa ng'ombe zake zamkaka. Munali kanjira katsopano, nsenjere itagona uku ndi uku. Mainess anakaona kanjirako, n'kuyang'ana mlongo wake. Anazungulira khola, nafika pachulu chachikulu chimene chili kuseri kwake. Foni inalira kanyimbo kaja, tsopano m'dzanja la Teddy.

Terrence anagwada, anachotsa miyala iwiri patsinde pa chitsamba, natulutsa kachitini kapulasitiki kotsekera bwino. Mkati munali pensulo yaifupi, tizidole tiwiri, batani la malaya ndi kabuku kakang'ono. Mainess anatambasula dzanja, ndipo Terrence anampatsa kabukuko. Anakatalikitsa kumaso n'kuwerenga pang'onopang'ono. Munali mayina khumi ndi limodzi, lililonse ndi tsiku lake. Wina analemba kuti malo ano ndi okongola, adzabweranso ndi banja lake.

"Ici unabisa liti?" Mainess anafunsa Terrence.

"Mu Novembala, amai. Ninabwera nekha, ninalowera ku msewu wa kumbuyo uko. Sininapeze munthu."

"Teddy, anthu khumi na mmodzi kuseri kwa khola lako. Sunawaone?"

"Loweruka nimakhala ku mkaka, mudziwa."

"Koma a m'munda mwa mlamu wako unawaona."

Teddy anatsegula pakamwa, koma Tisauke anamuyambirira.

"Kwa ine amangodutsa, alamu. Kwa imwe amasaina."

Mwila anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Kumbuyo kwa khonje, anthu amene anawatsatira anaseka osadzigwira.

"Jambulaninso," anapitiriza Tisauke. "Foni muli nayo. Jambulani culu, jambulani buku, jambulani khola. Ngati anthu awa ni ogula, ndiye wogulitsa wamkulu ndimwe, cifukwa mayina ali kwanu. Timange katundu tonse awiri. Ine nipita ku Katete. Imwe mupita kuti?"

Teddy anabwezera Eva foni yake osamuyang'ana. Anakanda kumbuyo kwa khosi.

"Zamveka, mlamu. Ni masewera. Msonkhano wa mawa tingauleke."

"Iyai."

Onse anamuyang'ana Tisauke.

"Msonkhano ukhalepo. Munanichititsa manyazi pa mjigo, pa chigayo, pa khomo la chalichi. Simudzanipepesa kuseri kwa khola, ng'ombe zokha zikumva. Munaitana amalume anu a ku Chongwe, munaitana onse. Abwere. Mukambe pamaso pawo zimene mwakamba pano."

"Mlamu, musakulitse nkhani."

"Ninaikulitsa ndine?"

Mainess anatseka kabuku kaja. Anapuma kaye, dzanja lili pabondo.

"Msonkhano ulipo," anatero. "Ndipo nikamba ndine poyamba. Munda uja ni wa Tisauke na ana a Gershom. Wofuna kumunena kuti agulitsa abwere na pepala losaina, osati na zithunzi za motoka. Wamva, Teddy?"

Teddy anayang'ana ng'ombe zake.

"Nafunsa ngati wamva."

"Namva, ba sisi."

Tisauke anatenga kabukuko m'manja mwa Mainess, anakakulunga pakona ya chitenje n'kumanga mfundo. Terrence anasuntha phazi.

"Amai, buku ija ni ya gemu. Ifunika kukhala mu kachitini."

"Gemu yanu yatha. Madontho anu mufafanize, lelo."

"Nifafaniza nikafika kunyumba. Koma ena anaiika kale mu mafoni ao, angabwerebe."

"Ndiye muwauze mmodzimmodzi. Ndipo mawa mubwere ku msonkhano, imwe amene munaona thengo. Mufotokoze na pakamwa panu, amalume amve. Buku mudzaipeza kumeneko."

Terrence anayang'ana Eva. Eva anagwedeza mutu kuvomera.

"Nthawi yanji, amai?"

"Tikacoka ku chalichi. Motoka musiye pa msewu, mubwere pa khomo, muodi monga anthu."

Mainess anagwira mkono wa Tisauke kuti atsamirepo potsika pachulu.

"Khazika mtima pansi, mlamu. Palibe akucotsa."

"Nidzaukhazika mawa," anatero Tisauke, "Teddy akakamba."